Mwana Amene Sakhala Pansi Bwino: Kodi N'kupulupudza?

Pafupifupi m'sukulu iliyonse ya kumudzi muli mwana amene dzina lake limatchulidwa kawirikawiri kuposa la wina aliyense. Belu likalira ndipo ana akakhala pansi m'mizere, iye amakhala mowongoka kwa mphindi ziwiri zokha. Posakhalitsa watsamira mnzake, kenaka wagona chafufumimba kope lili kumphuno, kenaka wagwada, kenaka watembenukira kumbuyo. Aphunzitsi akacheuka kuchokera pa bolodi amakalipa kuti: "Iwe, khala bwino!" Mwanayo amadzidzimuka n'kuongola msana, koma asanathe kulemba mzere wina wapendekekanso ngati thumba la chimanga losadzaza.

Kunyumba nkhani ndi yomweyo. Pa mphasa ya nsima sakhazikika ndipo kawirikawiri amagubuduza mbale ya ndiwo. Akatumidwa ku mjigo amafika ndowa ili theka, madzi ena atatayikira m'njira. M'maondo mwake simutha zilonda. Agogo amati ndi mwana wamwano, bambo ake amati akungofunika mkwapulo, ndipo anansi ena amanong'onezana kuti mwina anachita kumulodza.

M'Chichewa mawu akuti kukhala amanyamula zambiri. Munthu amakhala pa mpando, amakhala m'mudzi, amakhalanso ndi anzake, ndipo mawu akuti khalidwe anachokera pomwepo. Choncho wamkulu akauza mwana kuti akhale bwino amatanthauza zinthu ziwiri nthawi imodzi: aongole thupi, ndiponso asonyeze ulemu. Mwana amaphunzitsidwa kugwada polandira chinthu, kukhala phee akulu akamalankhula, ndi kupinda miyendo pamaso pa alendo. Mwambo umenewu walera anthu ambiri aulemu. Komabe umachititsa kuti mwana amene thupi lake silikhazikika aweruzidwe msanga kuti mtima wake ndiwo woipa.

Madokotala apeza kuti mwa ana ena kusakhazikika kwa maganizo ndi kusakhazikika kwa thupi zimachokera ku gwero limodzi, lomwe ndi kagwiridwe ntchito ka ubongo. Mwana wotere akakwapulidwa chifukwa chopendekeka amalangidwa pa chinthu chimene sangathe kuchilamulira bwinobwino. Ambiri mwa ana amenewa amabwereza makalasi, amadana ndi sukulu, ndipo mapeto ake amaisiya. Alangizi a zaumoyo, alezi a m'sukulu za mkombaphala, aphunzitsi ndi makolo ndiwo amaona mwana tsiku ndi tsiku, ndipo ndiwo angayambe kuzindikira vutoli dokotala asanamuone.

Vuto lodziwika kuyambira kale

Ena amaganiza kuti vutoli ndi la masiku ano kapena la ana a m'tauni okha. Komatu dokotala wina wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba kale mu 1798 za anthu amene maganizo awo sakhalitsa pa chinthu chimodzi. Mu 1902 dokotala wa ana, George Still, anakamba nkhani kwa madokotala anzake ku London yofotokoza ana anzeru bwinobwino amene ankalephera kudziletsa ndi kumvetsera kwa nthawi yaitali. Dzina limene likugwiritsidwa ntchito lero linakhazikika mu 1987 m'buku la madokotala a matenda a maganizo ku America. Ndi dzina lalitali la Chingerezi limene amalifupikitsa kuti ADHD, ndipo limatanthauza vuto la kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kutakataka mopitirira muyeso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalonso limalemba vutoli pa mndandanda wake wa matenda.

Vutoli lili ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi kusamvetsera: mwana amaiwala zimene wauzidwa, amataya pensulo ndi makope, ndipo amasiya ntchito ili pakati. Yachiwiri ndi kutakataka: manja ndi miyendo sizipuma, amanyamuka pamene ayenera kukhala, amakwera paliponse. Yachitatu ndi phuma: amayankha funso lisanathe, sadikira pa mzere, amachita chinthu asanaganize zotsatira zake.

Mwana aliyense amachita zimenezi nthawi zina, makamaka wa zaka zosakwana 5. Madokotala amatchula dzina la ADHD pokhapokha zizindikirozo zikakhala zambiri kuposa za ana a msinkhu wake, zikapitirira kwa miyezi yosachepera 6, zikakhala kuti zinayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zikamaoneka m'malo awiri kapena kuposerapo monga kunyumba ndi kusukulu, ndiponso zikamasokonezadi maphunziro kapena kukhalirana ndi anthu. Mwana amene amavuta kwa mphunzitsi mmodzi yekha koma kwina konse ali bwino ali ndi vuto lina.

Ofufuza atasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri mu 2007 anapeza kuti ana pafupifupi 5 mwa ana 100 alionse padziko lapansi ali ndi vutoli. Mu 2020 ofufuza ena anaphatikiza kafukufuku wochitika mu Africa mokha ndipo anapeza ana pafupifupi 7 mwa 100. Zimenezi zikutanthauza kuti m'kalasi ya ana 100, monga zilili m'masukulu ambiri a pulaimale m'chigawo chino, mungakhale ana asanu kapena kuposerapo a vutoli. Anyamata amazindikirika kwambiri kuposa atsikana, mwa zina chifukwa chakuti amachita phokoso. Mtsikana wa vutoli kawirikawiri amangokhala duu atawerama, dzanja lili patsaya, maso ali pa windo. Savutitsa munthu, choncho palibe amene amamufunsa. Amangotchedwa waulesi kapena mbuli.

Chimene chimachititsa munthu kuima mowongoka

Kuima kapena kukhala mowongoka kumaoneka ngati sintchito, koma ubongo umaigwira mosalekeza. Ngakhale munthu ataima chilili, thupi lake limagwedezeka pang'onopang'ono, ndipo minofu ya m'miyendo, m'chiuno ndi kumsana imalibweza pakati mphindi iliyonse. Kuti zimenezi zitheke ubongo umalandira uthenga kuchokera mbali zitatu. Maso amauuza kumene kuli pansi ndi kumene kuli khoma. M'kati mwa khutu muli timachubu ta madzi timene timagwira ntchito ngati levulo ya mmisiri womanga nyumba, n'kumasonyeza ngati mutu wapendekeka. Minofu, mfundo za mafupa ndi mapazi zimanena mmene chiwalo chilichonse chakhalira. Uthenga wonsewu umakumana makamaka m'kachigawo ka ubongo kamene kali kumbuyo kwa mutu, pamwamba pa khosi, komwe madokotala amakatcha cerebellum.

Kale anthu ankaganiza kuti kachigawoka kamangoyendetsa minofu basi. Tsopano zikudziwika kuti kamalumikizananso ndi mbali ya kutsogolo ya ubongo imene imathandiza munthu kumvetsera, kudikira ndi kukonza zochita. Mu 2002 ofufuza a ku America anajambula ubongo wa ana oposa 150 a ADHD n'kuyerekeza ndi wa anzawo, ndipo anapeza kuti pa avereji ubongo wonse pamodzi ndi kachigawo ka kumbuyoka zinali zocheperako ndi pafupifupi 3 peresenti. Kusiyana kumeneku n'kwa gulu lonse. Sikutanthauza kuti mwana wa ADHD ndi woperewera nzeru, ndipo palibe makina ojambula mutu amene angauze dokotala kuti mwana uyu ali ndi vutoli.

Ofufuza m'maiko angapo aimikanso ana pa sikelo yapadera imene imayeza mmene thupi likugwedezekera. Kawirikawiri apeza kuti ana a ADHD amagwedezeka kwambiri kuposa anzawo, makamaka akauzidwa kutsinzina kapena kuima pa chinthu chofewa. Ku Sweden, dokotala wa maganizo a ana Christopher Gillberg wa mumzinda wa Gothenburg anasonyeza kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kuti vuto la kusamvetsera limayendera limodzi ndi vuto la kayendetsedwe ka thupi mwa ana ambiri. Kafukufuku wotsatira wasonyeza kuti mwa ana a ADHD, kuyambira mmodzi mwa atatu mpaka theka amavutikanso ndi zinthu monga kuwakha mpira, kumanga mabatani, kudumpha ndi mwendo umodzi kapena kulemba zooneka bwino.

Mfundo yofunika kwa mphunzitsi ndi kholo ndi yakuti kusunga thupi mowongoka kumadya mbali ina ya maganizo. Mayi amene wasenza ndowa yodzaza amatha kucheza ndi anzake m'njira yosalala, koma akafika pa ulalo wa mtengo umodzi macheza amaduka kufikira atawoloka. Kwa ana ambiri kukhala mowongoka kuli ngati kuyenda m'njira yosalala ija. Kwa mwana wa ADHD amene thupi lake limagwedezeka kuli ngati ali pa ulalo tsiku lonse. Akaopsezedwa kuti asasunthe, maganizo ake onse amapita pa msana ndi miyendo, ndipo zimene aphunzitsi akunena zimamupita pambali. Amaoneka womvera, koma m'mutu simukulowa kanthu.

Pa yunivesite ya Central Florida ku America anachita kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2015. Anyamata a zaka 8 mpaka 12 anapatsidwa ntchito yokumbukira manambala ndi zilembo, uku kamera ikujambula mmene akusunthira. Anyamata a ADHD ambiri ankakhoza bwino pa nthawi imene ankatakataka kwambiri, pamene anzawo opanda vutoli ankakhoza pang'ono akamasuntha. Ofufuzawo anaona kuti kwa mwana wa ADHD kugwedeza mwendo kapena kutembenuka pa mpando kumathandiza ubongo kukhala tcheru pa ntchito yovuta.

Pamenepa m'pofunika kusamala. Kukhala mopendekeka sikuyambitsa ADHD, ndipo kuongola msana sikuichiza. Aliyense amene akugulitsa malamba a msana, mankhwala azitsamba kapena njira yotikita minofu n'kumati zimathetsa vutoli akungofuna ndalama za makolo.

Gwero la vutoli

Mbali yaikulu ya vutoli ndi yakumtundu. Kafukufuku wa ana amapasa wasonyeza kuti chibadwa chimafotokoza magawo 70 mpaka 80 pa 100 a kusiyana kwa ana pa nkhaniyi. N'chifukwa chake mlangizi akafunsa bwino amamva kuti bambo, amalume kapena agogo aamuna anali chimodzimodzi ali mwana. Kulera molakwa sikuyambitsa ADHD, ngakhale kuti nkhanza ndi chisokonezo pakhomo zimakulitsa mavuto a mwanayo. Shuga nayenso wakhala akunamiziridwa: ofufuza atasonkhanitsa zoyesa zambiri mu 1995 sanapeze umboni wakuti shuga amachititsa ana kutakataka.

Pali zinthu zina zimene zimaonjezera chiopsezo, ndipo zambiri n'zopeweka. Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wobadwa wochepa sikelo amakhala pa chiopsezo chachikulu, choncho sikelo ya amayi oyembekezera ndi chakudya chokwanira zimateteza ubongo wa mwana. Mowa umene mayi woyembekezera amamwa, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo, umafika kwa mwana ali m'mimba. M'chigawo cha Western Cape ku South Africa, kumene kwa zaka zambiri antchito a m'minda ya mpesa ankalipidwa mbali ina ndi vinyo, chiwerengero cha ana ovulazidwa ndi mowa asanabadwe ndi chimodzi mwa zikuluzikulu zimene zinapezekapo padziko lonse. Ana otere amavutika kumvetsera komanso kuyendetsa bwino thupi.

Mtovu ndi poizoni wa ubongo wa mwana ngakhale utakhala wochepa. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito kwa zaka pafupifupi 90, koma fumbi lake linatsala m'dothi la m'makomboni oyandikana nawo, ndipo ana ambiri kumeneko apezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Kumadera ena mtovu umafika kwa ana kudzera m'mabatire a galimoto ndi a sola amene amaphwanyidwa pakhomo. Malungo ogwira ubongo nawonso amasiya zipsera. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anatsatira ana amene anachira ku malungo oterewa, ndipo mu 2010 anafalitsa zimene anapeza: ana amenewa anali pa chiopsezo chachikulu chodwala khunyu, chovutika kuyenda kapena kulankhula, ndiponso chosintha khalidwe n'kukhala osakhazikika ndi aukali. Kugona m'masikito ndi kuthamangira kuchipatala mwana akatentha thupi kumateteza maphunziro ake a m'tsogolo.

Alimi ayeneranso kudziwa kuti kafukufuku wina wapeza mgwirizano pakati pa mankhwala ena ophera tizilombo m'munda ndi mavuto a kumvetsera mwa ana. Mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono sayenera kupopera mankhwala, kuchapa zovala zopoperera, kapena kugona m'chipinda chimene mwasungidwa mankhwalawo.

Sikuti aliyense wopendekeka ali ndi ADHD

Safunsa anadya phula. Mlangizi asanaganize za ADHD ayenera kufunsa za zinthu zina zimene zimaoneka mofanana nayo, zomwe zambiri zimachizika mosavuta.

Mwana amene wabwera kusukulu osadya kanthu amagona pa desiki ndipo samvetsera. Phala la m'mawa limasintha mwana wotere m'masiku ochepa. Kuchepa kwa magazi, njoka za m'mimba ndi likodzo zimafooketsa thupi, ndipo mwana wofooka sangaongole msana kwa maola anayi. Amene saona bwino amaweramira pa kope kapena kupendeketsa mutu poyang'ana pa bolodi. Amene khutu lake limatuluka mafinya samva zonse, choncho amatembenuza thupi kuti khutu labwino liloze kwa aphunzitsi. Pali mtundu wina wa khunyu umene sugwetsa munthu: mwana amangoti tuzu kwa timphindi tochepa, osayankha, kenaka n'kupitiriza zimene amachita osadziwa kuti anaima. Mwana amene sagona mokwanira, amene waferedwa, kapena amene amaona ndewu pakhomo usiku uliwonse, nayenso sakhazikika m'kalasi.

Malo okhala ali ndi mbali yake. Dziko la Malawi litayambitsa maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kufikira lero ana ambiri a makalasi oyambirira m'chigawo chino amaphunzira atakhala pa simenti, pa dothi kapena pansi pa mtengo. Palibe mwana amene angalembe kope lili pa bondo kwa maola angapo osawerama. Kumene kuli madesiki, kawirikawiri anapangidwira ana aakulu, ndipo wa Sitandade 1 amakhala mapazi ali lende. Ngati theka la kalasi likupendekeka, vuto lili pa pokhala.

Palinso matenda a msana weniweniwo amene safuna kuzengereza. Mlangizi angapemphe mwana kuti aime mapazi ali pamodzi n'kuwerama manja atalendewera, kholo lili pomwepo, kenaka n'kuyang'ana msana chakumbuyo. Ngati mbali imodzi ya nthiti yatukuka kuposa inzake, msanawo mwina ukukhota ndipo ukufunika kuonedwa kuchipatala. Ngati pamsana patuluka kalinunda kosongoka, mwana akumva ululu usiku, akuonda, akutentha thupi kapena miyendo ikufooka, imeneyo ingakhale TB ya msana, ndipo kuchedwa kungamupuwalitse miyendo. Mwana wa ADHD akakumbutsidwa amatha kuongoka bwinobwino popanda ululu, kungoti sakhalitsa. Amene sangathe n'komwe kuongoka ali ndi vuto lina.

Ntchito ya mlangizi

Mlangizi wa m'mudzi alibe udindo wotchula dzina la matenda. Ntchito yake ndi kuona, kufunsa, kulemba ndi kutumiza. Angapemphe aphunzitsi ndi makolo kuti kwa milungu iwiri kapena itatu azikumbukira nthawi imene mwanayo amavuta kwambiri, nthawi imene amakhazikika, zimene wadya, ndi mmene wagonera. Afunse ngati anabadwa masiku atakwana, ngati anadwalapo malungo okomoka nawo, ndiponso ngati anachedwa kukhala pansi, kuyenda kapena kulankhula. Buku la kusikelo limathandiza pa mafunso amenewa. Zonsezi zikalembedwa, banja lipite nazo kuchipatala chaching'ono, kumene angayeze magazi, maso ndi makutu, ndi kutumiza mwanayo kuchipatala cha boma ngati kuli kofunika. Madokotala ndi anamwino a matenda a maganizo amapezeka m'zipatala monga cha Zomba Mental, cha St John of God ku Mzuzu ndi cha Chainama ku Lusaka, ndipo aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort m'boma la Chiradzulu.

Kalankhulidwe ka mlangizi n'kofunika kwambiri, chifukwa kholo likamva mawu akuti ubongo limaganiza za misala. Ndi bwino kunena momveka kuti: "Mayi, mwana wanuyu sanapenge ndipo sanalodzedwe. Nzeru ali nazo. Kungoti thupi ndi maganizo ake zimathamanga kuposa za anzake, ndipo pali njira zomuthandizira." Bambo asasiyidwe kunja kwa zokambiranazi, popeza m'makomo ambiri ndiwo amagwira mkwapulo.

Malangizo a bungwe la WHO othandiza zipatala zopanda akatswiri, amene anatuluka koyamba mu 2010, amaika patsogolo kuphunzitsa makolo njira zolerera mwana wotere ndi kugwirizana ndi sukulu. Mankhwala alipo, ndipo odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Amathandiza ana ambiri kumvetsera, koma amaperekedwa ndi dokotala wodziwa za vutoli kwa ana a zaka 6 kupita m'tsogolo, ndipo mwana amayenera kumayezedwa sikelo ndi kuthamanga kwa magazi chifukwa amachepetsa chilakolako cha chakudya ndi tulo. Mankhwala ogonetsa ogulidwa pa msika kuti mwana akhale phee ndi oopsa ndipo sachiza kanthu.

Zothandiza m'kalasi ndi pakhomo

Zambiri zothandiza sizifuna ndalama. M'kalasi mwanayo akhale kutsogolo, kutali ndi khomo ndi windo. Ngati ana amakhala pansi, apatsidwe malo a m'mbali mwa khoma kuti azitsamira, ndi kathabwa koikapo kope. Ngati ali pa desiki yaitali, njerwa ziwiri pansi pa mapazi zimapatsa thupi pokhazikika. Aloledwe kusintha kakhalidwe, kugwada, kapena kulemba ataimirira kumbuyo, malinga ngati sakusokoneza ena. Mphunzitsi wanzeru amamutuma kufufuta bolodi, kugawa mabuku kapena kukatenga choko, kuti kunyamuka kwake kukhale ndi ntchito. Malangizo aperekedwe amodziamodzi, atamutchula dzina ndi kumuyang'ana kumaso. Ntchito yaitali idulidwe: masamu atatu, aonetse, kenaka atatu ena. Akachita bwino ayamikiridwe nthawi yomweyo, chifukwa mphotho ya kumapeto kwa teremu ili kutali kwambiri kwa mwana wotere.

Chilango chomuletsa kutuluka pa nthawi yopuma chimabwezera zinthu m'mbuyo, popeza mwana amene sanathamange amalowa m'phunziro lotsatira ali wosakhazikika kuposa kale. Bungwe la WHO linalangiza mu 2020 kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi 60 pa tsiku. Jingo, fulaye, chipako, mpira wachikulunga ndi magule a kumudzi zimalimbitsa minofu ya m'chiuno ndi msana ndiponso zimaphunzitsa thupi kukhazikika. Masewera sachotsa ADHD, koma mwana amene wasewera amamvetsera bwinoko.

Pakhomo ndi kumunda njira ndi yomweyo. Mwana akauzidwa kuti apalire munda wonse amasiya khasu dzuwa lisanakwere, koma akapatsidwa mzere umodzi n'kuyamikiridwa akaumaliza amatenga wina. Akatumidwa kumsika apatsidwe zinthu ziwiri zokha zogula ndipo azibwereze pakamwa asananyamuke. Nthawi ya kudya, kusamba ndi kugona ikhale yofanana tsiku lililonse. Pa nkhani ya ulemu, makolo angasankhe nthawi zochepa zofunika, monga polonjera alendo, n'kumuphunzitsa kugwada kwa kanthawi kochepa kamene angakwanitse, m'malo momukakamiza kukhala phee msonkhano wonse wa maola awiri.

Chitetezo chikufunika maso a mudzi wonse. Mwana waphuma amene thupi lake limagwedezeka amagwa mumtengo wa mango, amapsa pa moto, amadumpha pa ngolo ikuyenda ndipo amawoloka msewu osayang'ana. Kafukufuku wa ku Denmark wofalitsidwa mu 2015, amene anatsatira anthu pafupifupi 2 miliyoni, anapeza kuti a ADHD anali pa chiopsezo chowirikiza kawiri cha kufa msanga, ndipo choyambitsa chachikulu chinali ngozi. Choncho zitsime zivundikiridwe, mankhwala a m'munda ndi parafini zitsekeredwe, ndipo mwana wotere asatumidwe yekha kudambo nthawi ya dzinja kapena kusiyiridwa khanda pafupi ndi moto.

Za mkwapulo, malamulo a maiko ena m'chigawo chino analankhula kale. Dziko la South Africa linaletsa kukwapula ana m'sukulu mu 1996, ndipo mu 2019 khoti lake lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linaletsa ngakhale pakhomo. Dziko la Zambia linaletsa mchitidwewu m'sukulu kudzera m'lamulo la maphunziro la 2011. Kupatula za malamulo, mkwapulo sugwira ntchito pa mwana wa ADHD. Amadziwa bwino lomwe chimene akuyenera kuchita, koma chimamupulumuka pa nthawi yochichita. Akakwapulidwa tsiku ndi tsiku amaphunzira kunama, kuthawa sukulu ndi kudziona ngati wachabechabe.

Pafupifupi theka la ana a vutoli amakula nalo, ngakhale kuti kutakataka kumachepa akamasinkhuka. Ambiri amadzakhala alimi, amisiri, amalonda ndi aphunzitsi olimbikira, makamaka pa ntchito zimene zimafuna mphamvu ndi changu. Chimene chimasiyanitsa kwambiri tsogolo lawo n'chakuti kodi anakhalabe pasukulu, ndiponso kodi panali wamkulu ngakhale mmodzi amene anawamvetsa.

Akuluakulu amati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo mwambiwu kawirikawiri umatchulidwa mkwapulo uli m'manja. Koma mlimi aliyense wa kudimba amadziwa mmene amaongolera tomato wopendekeka kapena nthochi yolemedwa ndi mkoko: amazika mphanda pambali pake n'kuimangirira mosamala. Komiti ya sukulu, gulu la amayi kapena kalabu ya alimi ikadzakumananso, ingapatule mphindi zochepa kufunsa kuti ndi ana ati m'mudzimo amene amakalipiridwa tsiku lililonse chifukwa chosakhala bwino, ndipo ndani adzapite kukacheza ndi makolo awo mwezi usanathe.